Dzanja la Kumanzere la Kimono

Chibwenzi cha Chizuru ndi Shunpei chinkakhala m'kanyumba kochapira zovala pa makina, kuseri kwa msika wa Tenma, Lachiwiri masana. Kwina kulikonse chikanawaika m'madzi. Chizuru anali m'chaka chomaliza chophunzira rakugo, luso lija lokamba nthano zoseketsa uli chogwada pa khushoni, ndipo lamulo la ophunzira ngakhale mwana wa mu Osaka amalidziwa: mowa ayi, fodya ayi, chibwenzi ayi. Ukagwidwa, aphunzitsi amakulanda dzina la pa siteji n'kukuuza kuti ulongedze, ndipo palibe nyumba ina imene ingakutole. Koma lamulolo silinaletse munthu kuchapa masokosi a aphunzitsi ake, komanso silinkamukhudza mnyamata wojambula manga, nkhani zija za zithunzi za m'magazini, amene malaya ake ankada Lachiwiri lokhalokha.

Anali atagwirizana kuti apirire mpaka mitengo ya cheri itachita maluwa, nthawi imene Chizuru adzamasulidwe pa maphunziro ake. Akatero Shunpei adzavala suti n'kupita kwa aphunzitsi kukapempha ukwati mwaulemu. Sutiyo anali atagula kale, inkangodikira pakhoma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo awiriwa kudekhako kunkawakomera ndithu.

"Malaya awiri okha?" anatero Chizuru akusuzumira m'thumba la mnzakeyo. "Agogo aja ogulitsa tofu ayamba kutiyang'anitsitsa, ukudziwa?"

"Ndilibe ena. Awa ndinawathira inki dala dzulo."

"Chitsiru iwe," anatero Chizuru, mawu ali okoma ngati akumupatsa switi.

Shunpei anatulutsa magazini ya sabata imeneyo, ikadanunkha inki. Nkhani yake inali itayamba kutchuka. Inali ya mtsikana wotchedwa Komame, wophunzira rakugo pansi pa mphunzitsi wovuta, wadazi, wa mimba ngati mtsuko, dzina lake Kumazo. Zambiri zimene Komame ankakumana nazo zinkachokera pa benchi yomweyi. Chizuru akabwera atatopa ankadandaula, Shunpei n'kumamvetsera, ndipo pakapita milungu madandaulo aja ankatuluka ali ndi nkhope. Munali za bambo wina amene anamuuza kuti mkazi akamadzipusitsa pa siteji amamvetsa chisoni. Munali za mwini holo amene ankafuna kuti azivala kimono ya pinki, poti anthu amabwera kudzaona nkhope. Munalinso za kumaphwando, kumene anzake aamuna ankakhala pansi kumva malangizo a akuluakulu iye akuzungulira ndi botolo kuthirira mowa. Chizuru sankaletsa. Zoterozo zimachitikira mtsikana aliyense m'nyumba iliyonse, ndiye palibe akanamuloza chala.

Anatsegula magaziniyo n'kupukusa mutu. "Shunpei, mtsikana ameneyu chifuwa chikumukulira sabata ndi sabata. Akadzagwada pa khushoni adzagwa chafufumimba."

"Ndi akonzi amenewo. Akuti owerenga ndi anyamata."

"Anyamatawo alibe alongo?"

"Ndinachotsa kale za kubafa zija, unanditukwana nazo zija."

"Sindinakutukwane. Ndinangofunsa kuti ndi ndani amaloweza nthano akusamba chitseko chili pululu."

Shunpei anaseka mpaka magalasi anamutsetsereka pamphuno. "Tsopano akufuna kubwere mnyamata wokongola adzamupulumutse kwa Kumazo."

"Akabwera umugwetsere m'ngalande. Komame ali ndi pakamwa, adzipulumutsa yekha."

Anatembenuza tsamba akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunathera pomwepo. Tsamba lonse linali chithunzi chimodzi chopanda mawu: manja a Komame akupinda kimono ya mphunzitsi wake. Dzanja la kumanja la kimonoyo linali mkati, koma la kumanzere linali kunja, pamwamba, kansonga kake katapindikira m'mwamba ngati khutu la galu.

"Ichi n'chiyani?"

"Manja akowo. Tsamba limeneli akonzi alitamanda kwambiri, akuti..."

"Dzanja la kumanzereli. Walisiyiranji kunja?"

"Si mmene amapindira kimono? Ndi mmene unapindira yanga ija ya m'chilimwe. Ndinakujambula uli pompano."

Chizuru anakhala pansi pang'onopang'ono. Mphunzitsi aliyense ali ndi kapindidwe kake ka kimono, ndipo wophunzira amaloweza kameneko asanaloweze nthano ngakhale imodzi. Aphunzitsi ake, a Gonpachi, ankati mwayi umalowera ku dzanja la kumanzere, ndiye sulitsekera mkati. Manja a Chizuru anali ataiwala kapindidwe kena kalikonse, moti ngakhale zovala za bwenzi lake ankazipinda choncho osadziwa. Ndipo m'nyumba ya a Gonpachi wophunzira wamkazi anali mmodzi yekha.

"Wandilemba dzina pamphumi, Shunpei."

Mnyamatayo anayang'ana tsambalo, n'kuyang'ana Chizuru, nkhope itayera ngati pepala lake lomwe. Makina anali atasiya kuzungulira koma palibe ananyamuka kukatulutsa masokosi.

* * *

Mawa lake, kuchipinda chovalira kuseri kwa siteji, Ryuzo ankamudikira Chizuru magazini ili pa mawondo. Ryuzo anali wophunzira wamkulu m'nyumbamo, anamasulidwa kalekale, ndipo ankadziona ngati mphatso imene akazi a mu Osaka sanaiyamikire mokwanira. Chaka chathacho anamufunsira Chizuru m'njira yake. Anati akamaliza maphunziro asiye za siteji akwatiwe ndi iye, pakuti nyumba imodzi sikhala ndi oseketsa awiri. Chizuru anakana mwaulemu wonse umene anali nawo, ndipo kuyambira pamenepo tiyi wake sanakomeponso kwa Ryuzo.

"Chemwali, tabwera kuno. Umawerenga manga iwe?"

"Nthawi ndingaipeze kuti, achimwene?"

"Ndi zoona, ndiwe wotanganidwa. Makamaka Lachiwiri." Anatsegula tsamba lija n'kuligogoda ndi chala. "Wojambula ameneyu ali ndi maso akuthwa, eti? Kapena ali ndi munthu womupindira zovala."

Koma munthu wophunzira kusintha nkhope pa siteji ngati Chizuru sagwidwa ndi nkhope. Anayang'ana chithunzicho ngati akuchiona koyamba. "Wajambula bwino."

"Wajambula bwino zedi. Ngakhale kachipsera ka pa chala chachikuluka wakaika." Maso a Ryuzo anatsikira pa dzanja la Chizuru. "Madzulo ano ndikawaonetsa aphunzitsi. Ndi udindo wanga, usandide nazo. Koma mawu anga aja akadalipo, chemwali. Mkazi wa Ryuzo sangathamangitsidwe, amangosiya yekha mwaulemu, anthu n'kumuombera m'manja."

"Achimwene, inu mukufuna mkazi, kapena mukufuna munthu wokupindirani kimono moyo wonse?"

"Pali kusiyana?"

Anafunsa moona mtima, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Chizuru kuposa kuopsezako. Anawerama, n'kutola kapu ya tiyi imene inali itazizira, n'kutuluka.

Ali pa masitepe a kumbuyo anatulutsa foni n'kulembera Shunpei.

"Ryuzo wadziwa. Akawauza madzulo ano."

Yankho linabwera asanabweze foni m'thumba. "Ndikubwera. Ndikagwada pamaso pawo, ndikanena kuti cholakwa n'changa."

"Ukabwera ndiye wandimaliza. Khala pomwepo."

"Ndiye nditani? Sindingakhale ndikujambula iwe ukupsa."

"Jambula. Ndipo mvera. Wina aliyense akadzakufunsa, sundidziwa, sunandionepo, ulibe chibwenzi. Lonjeza."

Shunpei anayankha: "Ndalonjeza. Koma pakamwa pandiwawa."

"Pawawe. Wadya?"

"Ayi."

"Chitsiru. Kadye udon."

* * *

Madzulo amenewo Chizuru anafika kunyumba ya aphunzitsi. Anali ataganiza kale kuti katundu wake akwana m'chikwama chimodzi, ndipo zimenezo zinamuliza pang'ono m'sitima. Khushoni ija ankaikonda. Ankaikonda kuyambira ali kamtsikana, tsiku limene anaona munthu mmodzi atagwada akusanduka mudzi wonse, ndipo sankadziwa kuti angakhale ndani popanda iyo.

Akuvula nsapato pakhomo anamva phokoso limene sanaliyembekezere. A Gonpachi ankaseka. Sikunali kuseka kwa ulemu ayi, kunali kuja kogwira pamimba n'kumamenya pansi.

"Chizuru! Thamanga udzaone!"

Anawapeza atakhala pamalo awo, dazi likunyezimira, mimba ikugwedezeka, mulu wa magazini uli patsogolo. Pambali pawo panali Kasumi, mwana wawo wamkazi yekhayo, amene ankamutcha Chizuru achemwali ndipo ankamubisira makeke kukhitchini. Ryuzo anali atagwada chapatali, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa.

"Ryuzo wandibweretsera tsamba limodzi, koma Kasumi ali nazo zonse kuyambira pachiyambi," anatero a Gonpachi akupukuta misozi. "Ona munthu uyu, Kumazoyu. Ukumudziwa?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Tokuemon ameneyu! Tokuemon weniweni! Ona dazilo. Ona mimbayo!"

Anyani sasekana zikundu, koma a Gonpachi mwambi umenewo sunawafikepo. A Tokuemon anali mdani wawo wa zaka zambiri, ndipo awiriwa anakulira pansi pa mphunzitsi mmodzi, malemu, amene anawaphunzitsa onse kusiya kunja dzanja la kumanzere. Chizuru anali ataiwaliratu kuti nyumba zopinda choncho zilipo ziwiri.

"Koma aphunzitsi," Ryuzo anayesa, "a Tokuemon salandira atsikana. Nyumba yokhala ndi mtsikana ndi ino yokha."

"N'chifukwa chake, mbuli iwe! Wojambulayu akuonetsa dziko zimene zikanachitika Tokuemon akanalandira mtsikana. Tamvani izi." Anakweza magazini n'kuwerenga ndi mawu a pa siteji. "'Mkazi amakoma akamaseka, osati akamaseketsa.' Mwamva nkhanza zimenezo? Ndani angalankhule choncho kwa mwana wa eni ake? Tokuemon yekha!"

Mawu amenewo anawalankhula iwo eni, pa tebulo lomwelo, mwezi wathawo, pakamwa pali mpunga. Chizuru anayang'ana pansi n'kuluma mlomo.

"Nanga kachipsera ka pa chala..."

"Wophunzira aliyense ali ndi chipsera cha ketulo. Iwe ulibe chifukwa ndiwe waulesi. Ine mtsikana wanga ndimamusunga ngati dzira. Si choncho, Chizuru?"

"Ndi choncho, aphunzitsi."

"Wamva? Chizuru, tiyi!"

Kukhitchini anapeza mayi Fumie, akazi a aphunzitsi, akudula anyezi mwa bata lawo la masiku onse. Sanatembenuke.

"Ketulo yawira kale. Khala kaye pansi, tiyiyo adikire."

Chizuru anakhala.

"Dzanja la kumanzerelo ndinayamba kulipinda ndili msinkhu wakowo," anatero mayiwo. "Ndimadziwa manja a munthu aliyense amene anadutsa m'nyumba muno. Komanso ndakhala ndikudabwa kuti masokosi a bambo amachedwa kuuma Lachiwiri lokhalokha."

"Mayi, ine..."

"Sindinakufunse kanthu. Mnyamatayo amadya bwino?"

Misozi inamulengeza Chizuru. "Amaiwala."

"Onse amaiwala." Anakankhira anyezi mu mphika. "Ine ndinkaimba zeze kuseri kwa siteji, ukudziwa? Ndinkaimba bwino, si kudzitama. Nditakwatiwa anati mkazi wa mphunzitsi saoneka kuntchito, ndiye zezeyo ali pamwamba pa kabati mpaka lero. Sindidandaula, ndakhala bwino. Koma ndikufuna ndidzakhale pa mpando wa kutsogolo tsiku lako lomasulidwa. Pirira mpaka maluwa. Ine sindinaone chilichonse."

Chizuru anawerama mpaka mphumi inagunda tebulo. Mumtima munali mwayera ngati kumwamba mvula itakata. Koma akunyamula thireyi anamva mawu a aphunzitsi akudutsa khoma.

"Kasumi, ufufuze kumene amakhala wojambulayu! Ndikufuna abwere Lamlungu adzadye kuno. Munthu wodana ndi Tokuemon ndi m'bale wanga!"

* * *

Shunpei anafika Lamlungu masana atavala suti ija. Analibe ina. Chizuru atamutsegulira chitseko anaona kolala itapindika mbali imodzi, ndipo dzanja lake linanyamuka lokha kuti likonze. Analibweza msanga n'kulibisa kumbuyo.

"Takulandirani. Lowani, aphunzitsi akukudikirani."

"Zikomo. Pepani kukuvutitsani," anatero Shunpei akuyang'ana nsapato zake ngati ndi zimene zamulonjera.

A Gonpachi anamulandira ngati mwana wotayika. Anamukhazika pamalo a ulemu, anamudzazira mbale, anamuuza mbiri yonse ya zoipa za a Tokuemon kuyambira ali anyamata. Shunpei ankangovomera, thukuta lili kamukamu, maso akupita pa dazi la mwini nyumba n'kuthawanso. Chizuru ankalowa ndi kutuluka ndi tiyi. Pomuthirira mlendoyo anadzaza kapu theka lokha, mmene Shunpei ankakondera, kenako anazindikira n'kuwonjezera msanga.

Ryuzo ankadikira mpata wake ngati mphaka pa una.

"Achimwene ojambula, tandiuzani. Kapindidwe ka kimono kaja munakaona kuti? Si zinthu zoonekera kwa anthu wamba."

"Ndinapita kukaonera a Tokuemon, ndiye chitseko cha kuseri chinali chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira. Ndikupepesa, ndi khalidwe loipa la ojambula."

"Ha! Ngakhale chitseko satha kutseka!" anakuwa a Gonpachi mokondwa.

"Koma manja ajatu ndi a mkazi," anapitiriza Ryuzo. "Ndipo ine ndikuona ngati munthu sangajambule manja choncho asakuwakonda. Muli ndi chibwenzi, achimwene?"

Chizuru anali atagwada pakhomo, thireyi ili m'manja. Shunpei anaika timitengo todyera pansi, anawongola msana, n'kuyang'ana a Gonpachi m'maso.

"Ndilibe aliyense, bambo. Ndimakhala ndekha ndi inki yanga. Palibe mkazi amene ndinalonjezana naye kanthu."

Ananena bwino, mwina bwino kuposa mmene zinkafunikira. Chizuru ndiye anamupatsa mawuwo, komabe atawamva akutuluka m'kamwa muja anamulasa penapake pansi pa nthiti. Anadziuza kuti ndi mtengo wochepa pogula khushoni.

"Wamva, Ryuzo?" anatero a Gonpachi. "Ukufunsa mlendo wanga ngati wapolisi. Pita ukaone ngati nsapato zili bwino pakhomo."

Ryuzo anatuluka makutu ali psuu. A Gonpachi anasisita mimba, maso ali pa mulu wa magazini uja. Atalankhulanso, mawu anali otsika.

"Mtsikana wanu Komameyu wandisowetsa tulo. Pamene paja akuyeserera nthano yekha pa mlatho, anzake ali kuphwando. Ndinati, koma pali anthu ouma mtima pa dziko." Anatembenuka. "Chizuru, sendera kuno."

Chizuru anasendera.

"Tsiku lako lomasulidwa ndinati udzakambe kanthano kaja ka mtsikana wogulitsa maluwa. Ndasintha. Udzakamba ya bambo woledzera ndi woyendetsa bwato."

Chizuru anadzutsa mutu. Imeneyo inali nthano yaikulu ya nyumbayo, ya mawu a amuna okhaokha, yaphokoso, yamwano, imene a Gonpachi anatchuka nayo. Ngakhale Ryuzo anali asanapatsidwe.

"Aphunzitsi, ine?"

"Pali Chizuru wina muno? Ndipo udzavala kimono yakuda, za pinkizo ayi. Tokuemon ndidzamuitana, adzakhale kutsogolo, aone mmene anthu amasungira mtsikana. Tiyamba mawa. Ukalira ndikuthamangitsa."

"Sindilira, aphunzitsi," anatero akulira kale.

Anawerama, ndipo podzuka maso ake anakumana ndi a Shunpei kamphindi kochepa. Mnyamatayo ankamwetulira m'kapu ya tiyi. Mayi Fumie, amene ankalowa ndi mbale ya zipatso, anamutsinzinira mtsikanayo diso. Chizuru anaganiza kuti pa moyo wake wonse sanakhalepo wokondwa chonchi. Chithunzi chimene chinkafuna kumuphera tsogolo ndicho chinamutsegulira chitseko, ndipo maluwa sanali kutali.

Koma chakudza sichiimba ng'oma.

"Tsopano inu," anatero a Gonpachi akumumenya Shunpei paphewa. "Mnyamata waulemu, wa luso, wodziwa kusiyanitsa munthu wabwino ndi Tokuemon, n'kumakhala yekha ndi inki? Ayi, zimenezo sindingalole. Mwanena nokha pamaso pa anthu kuti mulibe aliyense."

"Bambo, ine ntchito imandi..."

"Ntchito imafuna munthu wokuphikira. Ine ndili ndi mwana mmodzi, ndipo chiyambire sabata ino m'nyumba muno simukumveka dzina lina koma lanu. Ndinafuna ndikuoneni kaye ndi maso anga. Ndakuonani." Anaomba m'manja. "Chizuru, pita ukamuthandize Kasumi kumanga lamba. Avale ija ya maluwa a buluu. Akayende ndi mlendoyu m'mbali mwa mtsinje, adziwane. Za makolo tidzakamba bwino."

Mbale ya zipatso inapendekeka m'manja mwa mayi Fumie, lalanje limodzi n'kugubuduzika mpaka pa bondo la Shunpei. Zinali zoonekeratu kuti nawonso sanauzidwe. Shunpei anatsegula pakamwa. Anayang'ana Chizuru, maso akufunsa poyera kuti, ndinene?

Akananena, nthano ya woyendetsa bwato, kimono yakuda, dzina la pa siteji, zonse zikanathera pa tebulo lomwelo, ndipo bodza lonenedwa m'maso mwa a Gonpachi silikanakhululukidwa. Chizuru anapukusa mutu pang'ono kwambiri, moti Shunpei yekha ndiye anaona.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero, n'kunyamuka.

* * *

Chizuru anamupeza Kasumi ataima pa galasi, masaya ali ofiira, kimono itavalidwa kale koma lamba ali m'manja.

"Achemwali, mwamuona? Ndimaganiza kuti adzakhala mdala wa ndevu. Koma ndi wamanyazi bwanji! Ndipo kolala yake yapindika, mwaona? Ndimafuna ndikamukonzere."

"Tembenuka," anatero Chizuru.

Anazunguliza lambayo n'kukoka. Manja ankagwira ntchito yawo okha.

"Mukudziwa chimene ndamukondera? Ndi mwamuna yekhayo amene akumvetsa. Ndikamawerenga za Komame ndimaganiza za inu, achemwali, zonse zimene mumapirira muno. Ndinati munthu woona zimenezi ayenera kuti ali ndi mtima wabwino. Simukuganiza choncho?"

"Ali ndi mtima wabwino."

"Mwathinitsa kwambiri, sindikupuma."

Chizuru anamasula pang'ono. Akanatha kudana ndi mtsikana wina aliyense mu Osaka, koma uyu ayi, uyu amene ankamubisira makeke. Kudzera pa mpata wa chitseko ankaona msana wa Shunpei uli chiwongokere m'suti imene anagulira tsiku lodzapempha iye.

Kasumi anadziyang'ana komaliza pa galasi, anapuma mwamphamvu, kenako anatambasula mkono akuseka mwamantha.

"Bambo amati mwayi umalowera kumanzere. Tandigwirani dzanjali, achemwali, mundipatseko wanu. Inu lero mwayi wakugwerani wambiri."

Chizuru anayang'ana dzanja la kimonolo, la buluu, losalala, lotseguka. Kuchipinda kuja aphunzitsi ankaitana kale kuti dzuwa likupita. Analigwira ndi manja onse awiri, n'kuliwongola bwinobwino, monga anaphunzitsidwira.